Kusiya chamba ndi midoli n'kotheka, koma akatuluka kuchipatala akatani?

Anzanga a pa Mzuzu pano, ndikufuna tikambirane za anyamata athu aja timawapeza ku depoti, ku Chibavi, Mchengautuba, Zolozolo uko, 7 koloko m'mawa aledzera kale, maso ali psuu, jekete anagulitsa kalekale kuzizira kwa Juni konse kuja. Ambirife timangoti zidakwa izi, a chamba awa, basi tadutsa. Ine maganizo anga ndi akuti munthu wotereyu amafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi, thandizo loti asiye mowa ndi chamba komanso sukulu yoti adziwe kuwerenga ndi kulemba. Mukampatsa chimodzi n'kusiya chinacho, miyezi ingapo mumpezanso pomwe paja.

Poyamba tivomereze kuti kuno tili ndi mwayi. Chipatala cha St John of God chili konkuno ndipo amathandiza odwala matenda a m'maganizo komanso omwe akodwa mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, pomwe anzathu a maboma ambiri amaganiza za ulendo wa ku Zomba Mental. Ndiye zimandipweteka kwambiri ndikamva kuti banja lamangirira mwana wawo ndi chingwe m'nyumba kuti asiye kumwa. Abale, munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka akasiya mwadzidzidzi thupi limanjenjemera, thukuta kamukamu, tulo osabwera, ena amaona zinthu zomwe palibe, ena amakomoka ngati akhunyu ndipo atha kufa nazo. Si ziwanda ayi, ndi thupi lomwe linazolowera mowa, limafuna adokotala ndi mankhwala. Mapemphero pempherani ndithu, inenso ndimapemphera, koma mupite naye kuchipatala. Chambanso chimodzimodzi, kwa ena makamaka omwe anayamba kusuta ali ang'ono chimasokoneza mutu zenizeni. Ndipo lamulo la 2020 lija linaloleza kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala kwa omwe ali ndi chiphaso, losuta silinalolezedwe, tisamanamize ana.

Tsopano apa ndi pomwe mtima wanga uli. Mnyamata wagonekedwa, walandira uphungu, thupi labwerera, nkhope yasalala, amayi ake akulira ndi chimwemwe. Wabwerera kunyumba. M'mawa kwacha, apite kuti? Sukulu anasiyira Sitandade 3, dzina lake lomwe amalemba movutikira. Anzake omwe amamudziwa ndi omwe aja a pa shabini, ndipo iwo samufunsa satifiketi.

Pali mnyamata wina wa kabaza kwathu kuno, wolimbikira ntchito bwino, anasiya kumwa ndipo aliyense amamuyamikira. Koma akafuna kutapa ndalama pa Mpamba amapereka foni kwa ejenti n'kumuuza nambala yachinsinsi mokweza anthu onse akumva, chifukwa zomwe zalembedwa pa foni sazitsata. Tsiku lobwerera kuchipatala linalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala, iye osadziwa, mpaka linadutsa. Amachita manyazi kufunsa, amangoti maso akundivuta lero tandiwerengereni. Manyazi amenewo ndi oopsa, ndi omwe amabweza munthu ku botolo, chifukwa akaledzera saamvanso.

Sukulu yaulere ya pulayimale inayamba 1994 koma tonse tikudziwa mmene makalasi anadzadzira, mwana kukhala kumbuyo pansi chaka chonse mphunzitsi osadziwa n'komwe dzina lake, kukhoza mongokankhidwa, kenako kutopa n'kusiya. Anthu amenewo lero ndi abambo a ana awiri atatu. Sanali mbuli ayi, palibe amene anakhala nawo pansi n'kuwaonetsa kuti ba be bi bo bu zimalumikizana bwanji.

Sukulu za kwacha zilipo, boma linakhazikitsa pulogalamu ya dziko lonse mu 1986, ndipo zathandiza anthu ambiri. Koma lowani mkalasi muone, ndi amayi okhaokha pafupifupi. Amayi athu ndimawapatsa ulemu, amabwera mwana kumbuyo, kope m'manja, pakatha miyezi akulemba okha m'buku la banki mkhonde. Abambo ndi anyamata amati ndikakhale pamodzi ndi apongozi anga kumaphunzira a e i o u? Ndiye bwanji osakonza kalasi ya anyamata okhaokha madzulo akaweruka ku kabaza ndi ku maganyu, mphunzitsi wake akhale munthu woti nayenso anadutsamo mu mowa n'kusiya, zophunzira zake zikhale za moyo wawo, kuwerenga meseji, kuwerengera chenji, zikwangwani za pamsewu, kulemba ngongole za makasitomala. Munthu akatha zimenezo ndiye mungamuuze za ukalipentala kapena kuwotcherera ku TEVETA, poti ngakhale tepi yoyezera imafuna wodziwa manambala.

Ena munena kuti ndalama zake zichokera kuti. Chipatala inde chimafuna ndalama ndi akatswiri, pamenepo boma ndi mabungwe achitepo kanthu, malo ogonekera anthu otere achuluke. Koma kuphunzitsa munthu kuwerenga sikulira zambiri. Matchalitchi ndi mizikiti yathu mkati mwa sabata zipinda zimangokhala zotseka. Ophunzira a ku Mzuni ali pompano pa Luwinga, aphunzitsi opuma ntchito ali m'makwalala mwathu momwemu, achinyamata a Fomu 4 omwe akungokhala ndi ambirimbiri. Choko, makope ndi ola limodzi katatu pa sabata.

Ndipo chonde, wina akayambiranso kumwa tisamutaye. Kugwa kumachitika, a uphungu amadziwa zimenezo ndipo amamulandiranso. Kalasi nayonso izimulandira, asamve kuti poti Loweruka anamuona ataledzera ndiye Lolemba asabwere.

Ineyo ndili wokonzeka kuphunzitsa Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, bola papezeke chipinda chokhala ndi magetsi cha ku Chibavi kapena Chiputula. Amene muli mu komiti ya tchalitchi kapena mumadziwana ndi mabuloko lida, tafunsani ngati angatibwereke malo, mundiuze.