Dishi yopanda earth ikutiwotchera ma TV

Zimapweteka mtima kuona mmene ena akukhomera madishi ku Luchenza, ku Bvumbwe ndi kuno ku Chitakale. Dishi pamalata, chingwe kulowetsa pawindo mpaka ku dikoda, kulandira ndalama, basi. Earth, waya wopititsa magetsi pansi uja, palibe! Chonsecho mvula ya Disembala ndi Januwale kuno imabwera ndi ziphaliwali zoopsa.

Ntchito yoika earth si yovuta ayi. Chingwe chisanalowe m'nyumba chidutse pa kachitsulo kotchedwa ground block. Kuchokera pamenepo, komanso pa chitsulo chogwira dishi, mangani waya wa kopa wa 6mm², wobiriwira ndi chikasu uja, waufupi komanso wosakhotakhota, mpaka ku ndodo ya earth ya nyumbayo, yachitsulo yokhomedwa pansi ija. Mukakhoma ndodo ina ya mamita 1.2, ilumikizeni ndi yakaleyo. Mukapanda kutero, chiphaliwali chikagwa pafupi magetsi amadutsa mu dikoda ndi TV kuchoka ku ndodo ina kupita ku inzake, zonse n'kupsa.

Ena amamangirira waya pa paipi ya madzi. Abale, paipi ya pulasitiki sipititsa magetsi pansi! Chomangira waya pa ndodo nachonso chimachita dzimbiri ndi chinyontho cha kuno, chiyang'aneni mvula isanayambe. Mabingu akayamba, zulani pulagi ndi chingwe cha dishi chomwe.