Kuloza pepala si kulangiza ayi

Ndapsa mtima kuyambira dzulo, ndipo sunazizirebe. Azakhali anga, amene akukhala nafe ku Bangwe, anawapeza ndi malungo. Anakagula LA pafamase ina mu Limbe. Atafunsa kamwedwe kake, mtsikana wapakauntala, maso ali pafoni, anangoti, "Amayi, ma instructions ali momwemo." Basi, wotsatira!

Kapepala kake mukukadziwa: kopindapinda, zilembo ngati nyerere, Chingerezi chokhachokha. Azakhaliwo sukulu analekezera Sitandade 3. Ndinawapeza atamwa mapilisi awiri okha, ati enawo asunge kuti atenge masiku. Chonsecho munthu wamkulu amamwa mapilisi 4 nthawi imodzi, ena 4 pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo mpaka onse 24 atha pa masiku 3, ndipo amafuna udyeko kachakudya kamafuta kapena mkaka. Kunena zimenezi kukanamudyera mphindi zingati mtsikanayo?

Mumalikonda liwu limeneli loti instructions, koma mukulidziwa? Instruction pa Chingerezi ndi kuphunzitsa. N'chifukwa chake wophunzitsa kuyendetsa galimoto amatchedwa instructor, ndipo sakupatsa buku n'kukusiya wekha pa Ginnery Corner nthawi yoweruka. Amakhala pambali pako mpaka udziwe. Lamulo la maphunziro la 2013 likamati Chingerezi ndiye medium of instruction, likunena chiyankhulo chophunzitsira ana m'kalasi. Ukaika s kumapeto, instructions, ndiye malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka chinthu, ngati aja amakhala pamwamba pa pepala la mayeso a MANEB. Konseko nkhani ndi imodzi: winayo amve, adziwe chochita. Ngati sanamve, simunalangize. Mwangomugulitsa pepala lokulungira mtedza.

Mwina anthu amachuluka, mwina malipiro ndi ochepa, kaya. Koma pakamwa sipalipiritsa.

Timathamangira kunena kuti safunsa anadya phula. Nanga amene wafunsa, mwaulemu, inu n'kumulozera pepala loti sangawerenge, phulalo wamudyetsa ndani? Azakhali anafunsa. Anafunsa m'Chichewa, kwa munthu woyankhula Chichewa, mumzinda wa Blantyre momwe muno. Kulangiza ndi kutsegula pakamwa, kumuyang'ana munthu, n'kumuuza kuti abwereze zimene wamva. Kukhomerera chala pakatoni si kulangiza.

Ndiye palinso instruction ina ija yam'maofesi, yotanthauza lamulo la bwana. Ukaima pamzere kuyambira 7 koloko, ukafika pawindo akuti, "Talandira instruction yochokera kumwamba, lero sitithandiza." Kumwamba kwake kuti? Walamula ndani? Walemba pati? Onse ziii. Akanati "abwana akana" tikanafunsa dzina la abwanawo, ndiye amathawira ku Chingerezi kuti tichite manyazi kufunsa. Ine sabata yatha ndinafunsa, anangonditsekera windo.