Tisamadikire maliro kuti tinene zikomo

Sabata yatha tinaika m'manda bambo wina wa kumpingo kwathu. Dzina sinditchula, koma amene timapemphera limodzi mukuwadziwa. Ndi aja ankatsegula tchalitchi kusanache bwinobwino, kuimba belu ndi kukonza mabenchi. Tonse tikabalalika kuthamangira nsima ya masana, iwo ankatsala akutseka mawindo ndi kutola mapepala amene ana ataya. Ndinawapeza akugwira ntchitoyi ndili mwana wa Sande sukulu. Ndinamanga ukwati ali pomwepo, ana anga anabatizidwa ali pomwepo.

Pamaliro anthu analankhula mogwira mtima. Mkulu wa mpingo anati tataya mzati. Amayi anachezera kuimba mpaka mawu kusasa, ndipo nkhata zinakwirira mtumbira wonse. Koma ine nditakhala kumbuyo, funso limodzi linandisowetsa mtendere: mawu okomawa, bambowa anawamvako ali moyo? Ndayesetsa kukumbukira tsiku limene ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo, zikomo chifukwa cha ntchito imene mumatigwirira." Sindikulipeza. Moni ndinkawapatsa Lamulungu lililonse, koma zikomo sindinanenepo. Chimenechi chikundiwawa, n'chifukwa chake ndalemba.

Kuthokoza Mulungu ife timadziwa. Nthawi ya masika timasenza chimanga, mtedza, maungu ndi nkhuku kupita nazo kuguwa. Usiku wa pa 31 December matchalitchi amadzaza, tikuyamika kuti watiolotsa chaka. Maumboni ndiye sasowa. Zonsezi n'zabwino ndipo zisathe. Koma taganizani za zimene timachitira umbonizo. Fizi ya mwana sinagwe kuchokera kumitambo, alipo amene anatumiza. Tili gone m'chipatala, alipo anabwera ndi phala m'bakuli. Mulungu amakonda kutuma munthu, ndipo munthu wotumidwayo ndi amene timamudumpha.

Ndikudziwa zimene ena munene, chifukwa ndazimva kangapo m'misonkhano ya mpingo: ulemerero ndi wa Mulungu yekha, munthu ukamuyamika amayamba kudzimva, mphotho yake akalandira kumwamba. Mantha amenewa ndikuwamvetsa. Koma abale anga, tsegulani Aroma 16 muwerenge mofatsa, chaputala chija ambirife timachilumpha poti ndi maina okhaokha. Paulo atamaliza chiphunzitso chozama cha machaputala 15, akuyamba kutchula anthu mmodzimmodzi, oposa 25. Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, akuti anathandiza ambiri, ndi iye yemwe. Priska ndi Akula anaika moyo wawo pachiswe kuti amupulumutse, ndipo pa vesi 4 akunena poyera kuti akuwathokoza, osati iye yekha koma ndi mipingo yonse ya anthu a mitundu ina. Mariya akumukumbukira pa chinthu chimodzi: anagwira ntchito molimbika.

Amene amandikhudza kwambiri ndi mayi ake a Rufo pa vesi 13. Dzina lawo silinalembedwe. Palibe pamene tikumva kuti analalikira kapena kutsogolera mpingo. Paulo akungoti mayi amenewa ndi mayi akenso. Ine ndikamawerenga ndimaona mayi amene anam'phikira mtumwi atatopa ndi ulendo, kumuyalira pogona, mwina ndi kumuchapira. Ndipo kumbukirani kuti makalata amenewa ankawerengedwa mokweza pamsonkhano wa mpingo. Anthuwa anamva maina awo ndi makutu awo, akadali ndi moyo.

N'chimodzimodzi ndi Epafrodito. Akhristu a ku Filipi anamutuma kukapereka mphatso kwa Paulo ali m'ndende, ndipo anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa. Pomubweza kwawo, Paulo anawauza pa Afilipi 2:29 kuti amulandire ndi chimwemwe ndipo anthu otere aziwachitira ulemu. Kalata yomweyo ikamatha, ulemerero akuupereka kwa Mulungu. Kwa Paulo ziwirizi sizinkalimbana. Nanga ife tinazitenga kuti zoti kuthokoza munthu n'kumulanda Mulungu ulemu?

Komanso tinene zoona, si kuti m'mipingo mwathu anthu sathokozedwa konse. Amathokozedwa, koma mosankha. Pa tsiku losonkhetsa ndalama za chitukuko, bwana akapereka envelopu yonenepa, dzina lake limatchulidwa katatu, mpingo wonse kuimirira, m'manja ndi nthungululu. Sindikudana nazo, wapereka ndithu ndipo ayenera kuthokozedwa. Koma mayi amene anasenza mchenga pamutu kuchokera kudambo, mnyamata amene anaumba njerwa dzuwa likuswa mtengo, amangophatikizidwa m'mawu akuti "ndi ena onse amene anatengapo mbali." Yesu atakhala moyang'anana ndi mosungira zopereka pa Marko 12, olemera ankaponya zambiri, koma amene anaitanira ophunzira ake kuti amuone ndi mayi wamasiye wa timakobili tiwiri. Zikomo amene amayezedwa ndi kukula kwa thumba amaphunzitsa osauka kuti ntchito yawo ndi yosawerengeka m'nyumba ya Mulungu, ndipo limenelo ndi bodza loopsa.

Nkhani ya akhate khumi pa Luka 17 tinaimva tili ana, ndipo timakonda kudzudzula asanu ndi anayi aja amene sanabwerere kukathokoza Yesu atachiritsidwa. Masiku ano ndimawaona mwa njira ina. Sanali anthu oipa. Yesu mwini ndiye anawauza kuti akadzionetse kwa ansembe, ndipo ankapita komweko. Anali pachangu, ndi chinthu choyenera m'maganizo. Ndi momwe tilili ife: tikuthamangira ku kwaya, ku komiti, ku mapemphero a m'dera, zonse zabwino, koma osabwerera. Msamariya yekha ndiye anatembenuka. Ndipo Yesu anafunsa za enawo. Anawerenga, anazindikira kuti sanabwere.

Ngati Ambuye anazindikira, kuli bwanji munthu wa thupi ndi magazi? Anthu ambiri amene timati azirala sanasiye kukhulupirira. Anatopa. Amayi amene amaphika pa msonkhano uliwonse, utsi uli m'maso kuyambira m'mawa, amangomva za iwo pamene ndiwo zachepa mchere. Woimba kiyibodi amakumbukiridwa tsiku limene wachedwa. Abusa timawadzutsa pakati pa usiku wodwala akafooka, iwo n'kudzuka osawiringula, koma Lamulungu lotsatira nkhani imene ili pakamwa pathu ndi yoti ulaliki unatalika. Mayi busa amalandira alendo osatha ndi ufa wa ana awo. Pa 1 Atesalonika 5, mavesi 12 ndi 13, Paulo akutipempha kuti tiziwazindikira amene amagwira ntchito pakati pathu ndi kuwalemekeza mwachikondi. Lamulo lija lotchuka la kuyamika m'zonse lili pa vesi 18, m'munsi pang'ono chabe. Ife tinaloweza la 18, la 12 tinalisiya.

Nanunso atsogoleri, ndikupempheni mwaulemu: anthu amene mumawatuma si antchito anu. Palibe amawalipira. Kuwaitana pambali n'kuwauza kuti "ndinaona zimene munachita" sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Bambo aja sindingawathokozenso, mpata umenewo unapita. Makiyi a tchalitchi tsopano ali ndi mnyamata wina amene ndakhala ndikumuona kwa zaka osadziwa dzina lake. Dzulo ndinamufunsa, ndipo ndalilemba. Kulinso agogo ena amene anandiphunzitsa Pemphero la Ambuye pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi chakale. Maso awo anachita khungu, kutchalitchi safikanso, amakhala ndi mdzukulu wawo kutsidya kwa mtsinje. Loweruka likubwerali ndigula shuga ndi sopo, ndipita ndi ana anga, ndikawauze agogowo kuti pemphero limene anawa amanena asanagone linachokera kwa iwo.