Chenjezo kwa inu othamangira helikopita ikamatera

Ana inu a kuno ku Ntcheu, ndi inunso makolo anzanga amene mumangoonerera, tamverani. Chizolowezi ichi choti helikopita ikangomveka kumwamba aliyense wataya khasu, wina wasiya mbatatesi pa msika wa Lizulu, a kabaza liwiro kulondola fumbi mpaka pa galaundi pomwe ikutera, chithe. Ndaona ndi maso angawa mayi mwana ali kumsana akukankhana ndi apolisi kuti ayandikire, anyamata atafulatira ndege foni m'mwamba akudzijambula uku mapiko akuzungulirabe, ndipo aphunzitsi oti abweze ana nawonso ali patsogolo penipeni. Kodi moyo munaugula kuti?

Sindikuyankhula zongomva ayi. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, asilikali athu atapita kukalondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987, ine ndinali ku Air Wing, nthambi ya ndege ya asilikali athu, ndipo ndinali ndi mnzanga wa pamtima, sajeni wa konkuno cha ku Tsangano, tinkakwera limodzi mu helikopita ya mtundu wa Puma. Anatsogola kale, mzimu wake uuse mumtendere. Akuluakulu mukuikumbuka nyengo ija, abale athu a ku Angonia atadzaza tsidya lino la msewu wa M1 kuchokera ku Dedza mpaka Biriwiri, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992.

Sajeni uja zipolopolo sankaziopa ngati mmene ankaopera mchira wa ndege yake yomwe. Tikatera kukatenga ovulala iye ndiye ankayamba kudumpha, n'kukaima pakati pa chitseko ndi mchira manja atatambasula, ndiye msilikali aliyense wofuna kudutsira kumbuyo, olo akhale bwana wa nyenyezi paphewa, ankamugwira kolala n'kumubweza kutsogolo, nkhani za sawacha tikambirana ku kampu. Ena ankati ndi wamwano. Koma iye ankadziwa kuti anthu onyamula machira atatopa, fumbi lili m'maso, phokoso lili m'makutu, mnzawo akubuula, sadziwanso komwe akuponda. Tisananyamuke ankazungulira malo onse kutola zitini, nsanza, timapepala, kenako n'kuwerenga mitu m'ndegemo kawiri asanauze payiloti kuti tiyeni. Ndimamusowa munthu ameneyu, makamaka mu Novembala tikamakumbukira asilikali, ndipo ndikaona zimene mukuchitazi ndimamva ngati akundifunsa kuti bwanji wangokhala chete.

Ndiye imvani zimene ankatiphunzitsa. Kumchira kwa helikopita kuli kafani kamene kamazungulira mwachangu kangapo kuposa mapiko a pamwamba, kakathamanga sikaoneka n'komwe, mumangoona ngati palibe kanthu, ndipo pa timahelikopita ting'onoting'ono timene timabwera ndi akuluakulu pa misonkhano kamakhala pa msinkhu wa mutu wa munthu. Payiloti kumbuyo saonako. Mapiko a pamwambawo, a Puma ndi anayi ndipo amasesa malo okwana mamita 15, injini ikamazima ndi pomwe amaopsa kwambiri chifukwa amalefuka n'kuweramira pansi, kamphepo kakangowomba amatsika kufika pomwe simukuyembekeza. Kuno kwathu ndi kwa zitunda, ukatsikira ku ndege kuchokera kumtunda mutu wako uli kale pa mzere wa mapiko. Inu mukamati yazima tiyeni, ndi nthawi yomweyo imene ife tinkagwira anthu kuti asasunthe.

Nanga mphepo yake? Imanyamula chitenje, mpango, jumbo, ngakhale lata losakhomedwa bwino. Chimenecho chikakakola ku mapiko kapena kulowa mu injini mwapha anthu amene ali m'katimo ndi inu nomwe muli pansi. Ndipo inu a fodya, mafuta ake ndi a mtundu wa palafini, ndudu yanuyo kasutireni kutali.

China chimene chimandiwawa n'chakuti sikuti ndege iliyonse imabwera ndi andale. Munaona nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ma helikopita ndi amene ankafikitsa chakudya ndi kunyamula odwala ku Mulanje ndi Phalombe misewu itaduka. Galaundi ikadzaza anthu payiloti satera, amazungulira n'kubwerera, wodwala uja n'kutsala pa machira chifukwa cha inu ofuna chithunzi cha pa Facebook.

Mafumu, a komiti ya sukulu, akulu a mpingo, ntchito iyi ndi yanu. Mukamva kuti kubwera ndege uzani anthu aime kunja kwa galaundi, mbuzi ndi njinga zichoke, zinyalala zitoledwe, ana agwidwe dzanja. Palibe woyandikira mpaka mapiko ataima kuti zii ndipo wa m'ndegemo wakukodolani yekha, ndipo akakukodolani pitani chakutsogolo komwe payiloti akukuonani, mutawerama, manja ndi katundu zili pansi. Chipewa chikauluka chisiyeni chipite.