Sea Cloud: mipopi yagolide si imene yandikhudza

Usiku wa dzana tulo tinandithawa, ndiye ndinangokhala pafoni. Ndinakumana ndi kavidiyo ka amalinyero, amuna ndi akazi omwe, akukwera mlongoti wa sitima yoyera mbee pakati pa nyanja. Amakwera pa zingwe zolukidwa ngati makwerero. Akafika pamwamba amayenda cham'mbali, mapazi ali pa chingwe chimodzi chokha, mimba atatsamiza pa mtanda wopingasa, pansi pawo pali madzi okhaokha. Wina anamasula mfundo, thanga lalikulu n'kugwa pang'onopang'ono, mphepo n'kulidzaza. Ndinabwereza kangapo ndithu, mtima uli m'mwamba.

Sitimayo ndi Sea Cloud. Inapangidwa mu 1931 ku Kiel m'dziko la Germany, pa malo opangira sitima a kampani ya Krupp, ndipo zaka zoposa 90 chipangidwireni inali ikunyamulabe alendo. Ndakhala masiku awiri ndikuwerenga mbiri yake, ndipo abale anga, ndili ndi mawu.

Kaonekedwe kake n'kosiririka, zimenezo sinditsutsa. Ili ndi milongoti inayi. Itatu yakutsogolo ili ndi mitanda yopingasa imene amamangapo matanga a makona anayi, pamene wakumbuyo matanga ake amatsata kutalika kwa sitima. Kuchokera kumphuno kukafika kumbuyo ndi mamita pafupifupi 110, kungopitirira pang'ono bwalo la mpira. Matanga alipo pafupifupi 30, ndipo mutawayala pansi angakute malo okwana masikweyamita 3,000. Mlongoti wautali umapitirira mamita 50. Kumphuno kuli chiwombankhanga chagolide. Injini ilimo, koma pa nthawi imene inkanyamula alendo, mphepo ikakhala yabwino ankaizimitsa, ndipo matanga onsewo ankawakweza ndi kuwatsitsa ndi manja. Alendo sankapitirira 64, ogwira ntchito anali pafupifupi 60.

Eni ake oyamba anali mayi Marjorie Merriweather Post ndi amuna awo a E. F. Hutton. Mayiwa anasiyiridwa ndi bambo awo kampani ya zakudya ya Postum, imene inadzasanduka General Foods, ndipo ndi omwewa anamangitsa nyumba ya Mar-a-Lago ku Florida. Sitimayo poyamba ankaitcha Hussar ndipo inali yakuda. Mayi Post sanangopereka ndalama n'kukhala pansi ayi. Anabwereka nyumba yosungiramo katundu ku Brooklyn, n'kujambulitsa pansi kukula kwa chipinda chilichonse cha m'sitimamo, kenako n'kumaikamo mipando ndi makabati kuti aone ngati zikukwana. Kuchipinda kwawo kunali malo oothera moto a mwala wa nsangalabwi, ndipo kubafa mipopi inali yokutidwa ndi golide, yooneka ngati mbalame ya pamadzi ya khosi lalitali.

Koma taonani chakacho: 1931. Imeneyo ndi nthawi imene chuma cha America chinali chitagwa, anthu miyandamiyanda ntchito zitatha, akuima pamizere kudikira chakudya chaulere. Ndikamva za mipopiyo ndimakumbukira mizere imeneyo, ndipo mtima suvomera kuti ndingosilira basi.

Banjalo litatha mu 1935 sitima inatsala ndi mayiwo, ndipo m'pamene inalandira dzina lakuti Sea Cloud. Anakwatiwanso ndi a Joseph Davies, amene anakhala kazembe wa America ku Soviet Union, sitimayo n'kukafika mpaka ku Leningrad.

Gawo limene landikhalitsa pansi likuyamba mu 1942. America italowa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, mayi Post anabwereketsa sitimayo ku boma pa mtengo wa dola imodzi pachaka. Anaichotsa milongoti, anaipaka utoto wotuwa, anaikamo mfuti, n'kuitumiza kumpoto kwa nyanja ya Atlantic kuti izikayeza nyengo n'kumatumiza malipoti kumtunda. Kukongola konse kuja kunatha. Ntchito yake inali kukhala m'mafunde ozizira kwa masabata ambiri.

Masiku amenewo munthu wakuda akalowa usilikali wa pamadzi ku America, nthawi zambiri malo ake anali kukhitchini: kuphika, kutsuka mbale, kuperekera chakudya kwa akuluakulu achizungu. Kaya akhale ndi luso lotani pa injini, khungu linali litamuweruza kale. Msilikali wina wachizungu, a Carlton Skinner, zimenezi zinkawapweteka, poona luso la anthu likuwonongeka pachabe pakati pa nkhondo. Analembera akuluakulu awo kupempha kuti ayese sitima imodzi momwe akuda ndi azungu azigwira ntchito zonse mofanana. Atapatsidwa udindo woyendetsa Sea Cloud mu 1943, anachitadi zimenezo. Pasanapite nthawi munali amalinyero akuda oposa 50, ena mwa iwo ali ndi maudindo olamula. Ankadya pamodzi, kugona malo amodzi, kulondera usiku mosinthana. A Skinner anapempha kuti nkhaniyi isachite kulengezedwa ndiponso kuti sitimayo isakonderedwe pa chilichonse, kuti ntchito iziyankhula yokha. Ndipo ntchito inayenda.

Mmodzi mwa amalinyerowo anali Jacob Lawrence, katswiri wojambula zithunzi. Asanalowe usilikali anali atatchuka kale ndi zithunzi 60 zosonyeza kusamuka kwa anthu akuda kuchoka kum'mwera kwa America kupita kumpoto. Komabe anamulemba ngati woperekera zakudya. Tangoganizani, munthu amene zithunzi zake zinali zitaonetsedwa kale ku New York, n'kumupatsa thireyi! A Skinner anamusinthira udindo kuti azijambula moyo wa m'sitimamo. Chondimvetsa chisoni n'chakuti zambiri mwa zithunzi zimene anajambula nthawi imeneyo zinasowa.

Lamulo la Pulezidenti Truman lothetsa tsankho m'magulu ankhondo a America linabwera mu 1948, zaka zisanu pambuyo pake. Sindikunena kuti Sea Cloud yokha ndi imene inabweretsa lamulolo. Ndikunena kuti pamene ena ankalimbikira kuti zimenezi sizingatheke, panali sitima imene inali itazichita kale. Ndipo ndikuona kuti ndi kulakwa kuti anthu ambiri akamalemba za sitimayi amataya ndime zambirimbiri pa nsangalabwi ndi golide, nkhani ya amalinyerowa n'kungoipatsa mzere umodzi.

Zimene zinatsatira n'zowawa. Mu 1955 sitimayo inapita m'manja mwa Rafael Trujillo, wolamulira wankhanza wa ku Dominican Republic, amene anaipatsa dzina la mwana wake wamkazi, Angelita. Ameneyu ndi munthu amene mu 1937 analamula kuti anthu zikwizikwi ochokera ku Haiti aphedwe kumalire a mayiko awiriwa. Pa matabwa omwewo pamene amalinyero akuda anapondapo ngati anthu olemekezeka, panadzayenda wakupha anthu akuda. Trujillo ataphedwa mu 1961, abale ake ananyamula mtembo wake pamodzi ndi chuma n'kuthawa nazo pa sitimayo kulowera ku Ulaya, koma boma latsopano linaibweza ili m'njira.

Kenako inasinthidwa maina, Patria, Antarna, mpaka inakatsakamira pa doko la Colón ku Panama, kumene inakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu ikudyedwa ndi dzimbiri. Mu 1978 kaputeni wina wa ku Germany, a Hartmut Paschburg, pamodzi ndi amalonda a ku Hamburg, anaigula, n'kuikonza mokwanira kuwoloka nyanja, n'kubwerera nayo kwawo kumene inapangidwa. Anawonjezera zipinda, zakale zija n'kuzisunga, ndipo mu 1979 inayamba kunyamula alendo olipira, dzina la Sea Cloud litabwerera.

Chimene ndimawayamikira anthu amenewa n'chakuti sanathamangire kuika makina pa matanga. Pali sitima zina zamatanga, monga Wind Star ya m'ma 1980, zimene matanga ake amatambasulidwa ndi kompyuta, munthu atangodina batani. N'zosavuta, ndipo zimafuna antchito ochepa. Koma pa Sea Cloud munthu ankayenerabe kudziwa chingwe chilichonse ndi ntchito yake, ndipo ankaphunzira kwa mnzake amene anayamba kale. Luso lotero likasiya kugwiritsidwa ntchito kwa m'badwo umodzi wokha, kulibwezeretsa n'kovuta kwambiri.

Mtengo wa ulendo pa sitima yotere ndi wa anthu a matumba olemera, ndipo ine sindili m'gulu limenelo. Koma Mulungu atalola kuti tsiku lina ndipondemo, sindidzayamba ndi chipinda cha mayi Post. Ndidzapempha mmodzi wa okwera milongoti aja kuti anditsitsire pansi, kumene amalinyero amagona ndi kudyera, ndikaime pamalo pamene Jacob Lawrence ndi anzake ankakhala m'nyengo yozizira ya 1944.