Zitseko zokha sizingapulumutse okwera sitima ku Mumbai

Pa 9 June 2025, pafupi ndi siteshoni ya Mumbra, kufupi ndi mzinda wa Mumbai ku India, sitima ziwiri zodzaza zinadutsana pamalo pomwe njanji imakhota. Anthu omwe ankalendewera pamakomo anagwa ndipo osachepera anayi anafa. Akuluakulu a njanji ku India analengeza kuti sitima zatsopano za mumzinda wa Mumbai zizikhala ndi zitseko zodzitsekera zokha. Ndi ganizo labwino, koma ine ndikuti palokha silikwanira, ndipo likachitika mopupuluma lingabweretse mavuto ena.

Taonani kaye kukula kwa vutoli. Sitima za mumzindawu zimanyamula anthu pafupifupi 7 miliyoni tsiku lililonse. M'mawa ndi madzulo, pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pamatha kuima anthu 14 mpaka 16. Yesani kujambula malo otere pansi, muone ngati anthu 16 angakwanemo. Wapakhomo amaponda ndi zala zakuphazi zokha, dzanja limodzi lagwira chitsulo, chikwama chili pamimba, theka la thupi lili kunja. Sakuchita matama ayi, mkatimo mulibe malo.

Nkhani yagona pa masekondi. Sitimazi zimaima pasiteshoni pafupifupi theka la mphindi, ndipo zimakwanitsa zimenezi chifukwa makomo ndi otsegula, anthu amayamba kutsika isanaime n'komwe. Mukaika chitseko chodzitsekera, sitima singanyamuke mpaka chitseko chilichonse chitatsekeka. Chikwama chimodzi chikapanika, sitima yonse yaima. Ikachedwa pasiteshoni ya Kurla, imakapeza anthu ochulukirapo pasiteshoni ya Dadar, n'kuchedwanso pamenepo, pomwe yapambuyo ikudikira kuti njanji ipatuke. Sitima zikamabwera mphindi zitatu zilizonse, pa ola zimadutsa 20. Zikangofika pa mphindi zinayi, zimatsala 15. Anthu a sitima zisanu zosowazo apita kuti? Ali papulatifomu, akuthithikana.

Ndipo pulatifomu yodzaza imapha. Pa 29 September 2017, pamlatho wopapatiza wa oyenda pansi wa pasiteshoni ya Elphinstone Road, anthu anaima kubisala mvula, ena akubwerabe kuchokera m'sitima. Anthu 23 anafa popondana. Palibe sitima yomwe inawagunda.

Palinso mpweya. Kukutentha kwa ku Mumbai, bogi yodzaza chotere ikatsekedwa popanda zolowetsa mpweya zokwanira, anthu angakomoke. Sitima zokhala ndi makina oziziritsa zinayamba kuyenda mu December 2017, ndipo zili ndi zitseko zotseka, koma tikiti yake ndi yodula. Ikalowa m'malo mwa sitima wamba, osauka amangoiyang'ana ikudutsa, kenako onse amaunjikana m'yotsatira.

Choyenera kutsogola ndi kuwonjezera malo. Sitima ya mabogi 12 ikafika pa 15, imanyamula anthu ena 25 pa 100 alionse, koma choyamba mapulatifomu atalikitsidwe, apo ayi mabogi akumapeto aziima pomwe palibe potsikira. Sitima zamaulendo ataliatali zipatsidwe njanji zakezake kuti zisamatsekereze za mumzinda. Makina oyendetsera sitima akhale amakono, olola kuti zizitsatana pafupi popanda ngozi. Milatho ndi masitepe zikulitsidwe.

China n'chosafuna chitsulo kapena simenti. Anthu ochuluka amagona kutali, ku Virar, Kalyan ndi Thane, koma ntchito zili mbali imodzi, choncho m'mawa onse amathamangira kumwera, madzulo kumpoto, pomwe sitima zolowera mbali inayo zili ndi malo. Maofesi ena atamayamba 8 koloko, ena 11 koloko, chikhamu cha ola limodzi chingamwazikane pa maola atatu. Zimenezi mabwana ndi boma angathe kuyamba mwezi wamawa, pomwe njanji yatsopano imatenga zaka kuti ithe.