Za ku Hollywood timakangana, za msonkho wa mzinda wathu timati ndi ndale

Ndakhala masiku atatu ndikudziletsa kulemba izi, koma mtima wakana kuzizira, choncho amene akhumudwe akhumudwe ndithu. Loweruka lapitali tinasonkhana kwa mnzathu wina ku Chilenje, mu mzinda wa Lusaka, anthu asanu ndi awiri amene tinadziwana tili anyamata ndi atsikana, ambiri mwa ife ochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndipo tonse tsopano tapitirira zaka 50. Kuti tilowe pageti, mwininyumba anatiyalira njerwa zinayi zoti tipondepo, chifukwa madzi a mvula ya Lachinayi anali adakali chiimire, obiriwira ndi onunkha, mabotolo apulasitiki akuyandama pamwamba pake. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene bondo limamuvutitsa, tinachita kumugwira mkono uku ndi uku kuti awoloke. Tonse tinaona, tonse tinatseka mphuno, kenaka tinakakhala pakhonde n'kuyamba kucheza ngati palibe chimene tadumpha.

Nkhani inayamba ndi mphotho za mafilimu za Oscar, ndipo inadya ola lathunthu. Anthu akuluakulu, aimvi zawo, anagawikana pawiri pa nkhani ya Will Smith amene anamenya Chris Rock mbama pamwambo wa 2022, ena akuti mwamuna ayenera kuteteza ulemu wa mkazi wake, ena akuti kumuletsa kufika ku mwambowo kwa zaka khumi kunamuchepera. Wina anakumbutsa za 2017 pamene anatchula filimu yolakwika kuti ndiyo yapambana, ndipo anafotokoza mwatsatanetsatane mmene envulopu inasokonekera, ngati kuti iye anali m'holoyo ku Los Angeles. Titachoka apo tinalowa m'nyimbo, kukangana ngati ana a masiku ano angafike pa Paul Ngozi kapena P.K. Chishala, n'kudandaula kuti kalindula sakumvekanso mokwanira pawailesi. Kenaka tinakambirana za mnzathu amene mkazi wake anamwalira ndipo akufuna kukwatiranso, aliyense akupereka malangizo ake, mpaka tinafika pa za ukalamba, za shuga, za kuthamanga kwa magazi, za magalasi owerengera ndi za mawondo olira tikamadzuka pampando. Nkhani zonsezi sindidana nazo ayi, ndipo inenso ndinaponyapo mawu anga mokondwa, chifukwa ndi mmene mabwenzi amachezera.

Nyama itatsala pang'ono kupsa, ndinatulutsa m'thumba pepala la msonkho wa nyumba, uja timangoti mareti, n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi pakati pathu alipo amene amadziwa mmene ndalama zolembedwa pa pepalalo amaziwerengera, ndiponso zimene zimagwira zikaperekedwa. Pakhonde panangoti zii. Amene anayankha ndi mlamu wanga, yemwe uja amadziwa za envulopu ya ku Los Angeles, ndipo anati, "Alamu, musatiwonongere tsiku, izo ndi ndale." Wina anawonjezera kuti, "Mdala, mwayamba kukalamba, ikani kapepalako m'thumba tidye nyama." Mwininyumba anadzuka n'kukweza sipika, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinapinda pepala langa manja akunjenjemera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi womwe ukundilembetsa lero.

Msonkho umene ndimakhoma ndi ndalama za thukuta langa, ndipo kufunsa za ndalama za thukuta langa kusatchedwe ndale. Munthu ukatuma mwana kukagula ufa ku Soweto Market, akabwera umamufunsa mtengo ndi chenji, ndipo palibe amene amati wayamba ndale. Ukapereka ndalama kwa mmisiri kuti akumangire mpanda, umapita kukawerenga matumba a simenti, ndipo aliyense amati ndiwe wochenjera. Nanga bwanji ndalama zimene timapereka ku mzinda chaka ndi chaka, pa nyumba, pa malayisensi a mashopu, pa matebulo a m'misika ndi pa masiteshoni a basi, zikangotchulidwa anthu ophunzira bwino amagwetsa nkhope ngati watukwana pamaliro? Mawu akuti "ndale" tawasandutsa chivundikiro chotsekera mphika uliwonse umene tikuopa kuona zamkati mwake, ndipo chivundikirocho ndi chimene chikutisunga m'matope.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti anthu amenewa si mbuli. Pakhondepo panali mphunzitsi wopuma pantchito, panali namwino, panali wina amene anagwira ntchito yowerengera ndalama zaka zambiri. Mitu yawo imasunga mayina a osewera m'mafilimu a ku America ndi zaka zimene anapambana, koma nditafunsa dzina la khansala wa wadi yawo, awiri okha ndi amene anayankha, ndipo mmodzi mwa awiriwo anatchula munthu amene anachoka pampando kalekale. Nzeru zilipo, nthawi ilipo, mphamvu zokangana zilipo zosefukira, koma zonse tikuzithira kutsidya kwa nyanja, kwa anthu amene sadziwa n'komwe kuti ku Chilenje kuli geti lolowera pa njerwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngalande ya pakhomo pako ndi fodya wa pamphuno ameneyo, ndipo ife tasankha kununkhiza wa mphepo.

Ambiri a ife nyumba tikukhalamozi zinali za khonsolo, ndipo tinazigula motchipa pamene boma la Frederick Chiluba linalamula kuti zigulitsidwe kwa okhalamo mu 1996. Tinavina tsiku limenelo, ndipo tinali ndi chifukwa chovinira. Koma kuyambira pamenepo tinasiya kukhala alendi n'kukhala eni nyumba, ndipo mwininyumba ali ndi mangawa pa msewu ndi ngalande zimene zadutsa pakhomo pake. Mareti sagwa kumwamba ngati matalala. Amatenga mtengo wa nyumba yako monga walembedwa m'kaundula wa mitengo ya nyumba, n'kuwerengera kagawo kamene kakhazikitsidwa, ndipo kaundulayo akakonzedwa mwatsopano lamulo limati aikidwe poyera kuti eni nyumba akaone, wosakhutira akadandaule. Ndani wa ife anapitako kukaona dzina lake ndi mtengo umene anaikira nyumba yake? Ndani wa ife anakwerapo basi kupita ku Civic Centre, likulu la khonsolo ya mzinda, pa Independence Avenue kukamvera pamene makhansala akukambirana za bajeti ya mzinda? Timadikira pepala lifike pageti, tidandaule mphindi ziwiri, tiliike pansi pa Baibulo, kenaka tibwerere ku nkhani za mbama ya Will Smith.

Sindikunena kuti tonse tigwirizane maganizo pa msonkhowu. Alipo amene amati mareti akwere chifukwa mzinda umene unakhala likulu mu 1935 uli ndi anthu ochepa tsopano wanyamula anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ngalande sizingakumbidwe ndi mapemphero okha. Alipo amene amati asakwere ngakhale ngwee imodzi mpaka tione zimene ndalama zakale zinagwira. Alipo amene amati si chilungamo kuti mayi wogulitsa tomato azidula tikiti tsiku ndi tsiku pamene mwini nyumba zitatu zochititsa lendi amakhala zaka osakhoma kanthu. Onsewa ali ndi mfundo, ndipo ndikanakondwa tikanakangana mpaka mawu kusasa, wina n'kundigonjetsa pamaso pa onse. Chimene sindingachipirire ndi kukhala chete kwa anthu amene mphindi khumi zapitazo amamenya tebulo chifukwa cha mphotho imene sadzaigwira n'komwe. Kukhala chete kumeneku si ulemu, si kukhwima maganizo, ndi mantha ovala jekete.

Tayiwala msanga bwanji? Kolera inayamba mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium, komwe timakaonera mpira ndi oimba, linasanduka chipatala chodzaza mabedi. Sukulu zimene zimayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale, adzukulu athu akungokhala pakhomo, ndipo m'dziko muno tinaika m'manda anthu mazanamazana. Zisanachitike izi tinali titaonanso zofanana mu 2017 ndi 2018, asilikali akusesa m'tauni. Nthawi imeneyo aliyense ankalankhula za ngalande, za zinyalala, za zimbudzi ndi zitsime za ku Kanyama, ndipo palibe amene ankati ndi ndale. Maliro atatha, tinabwerera ku ulesi wathu. Namwino uja wa pakhonde anaona ndi maso ake mmene munthu wamphamvu amafookera m'maola ochepa chabe, koma Loweruka nayenso anayang'ana pansi pamene sipika imakwezedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kolera siima pa malire a komboni kufunsa ngati kutsogoloko kukukhala anthu odziwa mafilimu.

Wina adzati vuto ndi umphawi, wina adzati ndi atsogoleri, wina adzati ndi kuchulukana kwa anthu, ndipo zonsezo zilipo ndithu. Koma ine ndikunena za anthu asanu ndi awiri okhuta, okhala ndi mafoni a intaneti m'manja, amene sanathe kupereka mphindi khumi ku nkhani ya madzi amene anali kununkha mamita asanu kuchokera pamene timawotcha nyama. Kuyambira mu 2022 ndalama za boma za chitukuko za CDF (Constituency Development Fund) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zakhala zikuwonjezeka. Ntchito zake zimayenera kuyambira kwa anthu, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Kodi komiti ya wadi yathu imakumana liti, ndipo ndani amakhalamo? Pakhonde paja palibe anadziwa, ndipo choipitsitsa n'chakuti palibe anachita manyazi posadziwa. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma ife tikufera kuuna popanda ngakhale manyaziwo.

Mawu akuti "mwayamba kukalamba" ndi amene anandilasa kwambiri, ndipo ndikufuna kuwayankha pano. Inde ndakalamba, ndipo ukalambawo ndi womwe ukundifunsitsa mafunso amenewa. Mnyamata wa zaka 20 amadumpha chithaphwi akuseka, koma ife tikupita ku msinkhu umene mwala umodzi woterera ungathe kuthyola chiuno, ukagone miyezi pabedi. Ife ndi amene tikufuna nyale za mumsewu pobwera ku maliro usiku, ife ndi amene tikufuna msewu umene galimoto ingadutse mvula ikugwa pothamangira kuchipatala. Tinakamba za shuga ndi mawondo ola lathunthu osaona kuti nkhani ya ukalamba ndi nkhani ya msonkho wa mzinda ndi nkhani imodzi. Penshoni ikuchepa mphamvu chaka chilichonse, mareti akubwera osaphonya, ndiye munthu wanzeru zake n'kumati kufunsa za zimenezi ndi chizindikiro cha ukalamba? Ngati ndi choncho, ndikalambe ndithu, ndipo ndizifunsa pa chinkhoswe, pa maliro ndi pa phwando lililonse limene mudzandiitana, mpaka mudzasiye kundiitana.

Ana athu akutiyang'ana. Akuphunzira kwa ife kuti munthu wamkulu wolemekezeka amakhoma msonkho mwakachetechete kapena kuuzemba mwakachetechete, amadumpha matope mwakachetechete, n'kusunga mawu ake onse kuti akawatayire pa mikangano ya anthu otchuka a kunja. Tidzawadzudzula bwanji mawa kuti sasamala za dziko lawo, pamene anakula akuona atate awo akukweza sipika nkhani ya ngalande ikangoyamba? Mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndatopa kukhala munthu woipa pa phwando lililonse chifukwa chotulutsa pepala limene aliyense ali nalo kunyumba kwake.

Ndipo ngakhale za mafilimu zomwezo, chikondi chathu n'chachinyengo. Nditakhala pansi nditakwiya, ndinafunsa ngati alipo amene anaonerapo filimu ya Rungano Nyoni, mwana wobadwira mu Lusaka muno, amene analandira mphotho ya BAFTA ku London mu 2018 ndipo analemekezedwanso pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2024 chifukwa cha mafilimu ojambulidwa m'dziko lathu lino, ndi anthu olankhula zilankhulo zathu. Mlamu wanga uja, katswiri wa maenvulopu a ku Los Angeles, anandifunsa ngati ameneyo ndi woimba. Timalira kuti kalindula watha, koma ndani wa ife anagulapo nyimbo ya woimba wa kuno ndi ndalama zake, osati kungotumizirana pa WhatsApp? Timadutsa mu Alick Nkhata Road tsiku ndi tsiku, koma adzukulu athu sadziwa kuti mwini dzinalo anali woimba ndi muulutsi wa pawailesi, chifukwa palibe wa ife anakhala nawo pansi kuwauza. Pochoka madzulo aja, ndikupondanso njerwa zinayi zija mumdima ndi tochi ya foni, ndinaona mnyamata wa pakhomopo akukhuthula mbale zapulasitiki ndi mabotolo a phwando lathu m'ngalande yomwe ija, mwininyumba ataima pageti akutitsanzika.